Omasulira ulaliki asamale ndi mneni wakale "let"

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abusa, omasulira ulaliki komanso aphunzitsi a Chingerezi za kamneni kakang'ono, "let". Lero tonse timadziwa kuti kamatanthauza kulola. Koma m'Chingerezi chamakedzana munali aneni awiri osiyana: "lætan", kulola, ndi "lettan", kuletsa kapena kuchedwetsa, wochokera ku muzu umodzi ndi "late". M'kupita kwa zaka awiriwa adayamba kumveka ndi kulembedwa chimodzimodzi, mpaka wa kuletsa uja adasiya kumveka pakamwa pa anthu.

Koma m'mabuku akadalimo, makamaka m'Baibulo la King James la mu 1611, lomwe alaliki ambiri kuno akuwerengabe pa guwa. Pa Aroma 1:13 Paulo akuti adafuna kangapo kupita ku Roma, "but was let hitherto". Sakunena kuti adaloledwa ayi, akuti adaletsedwa. Pa Yesaya 43:13 Mulungu akuti adzagwira ntchito yake, "and who shall let it?" Funso lake ndi lakuti ndani angamuletse. Womasulira amene waima pambali pa mlaliki akangoti "ndani adzalola?", mpingo wonse umva ngati Mulungu akudikira chilolezo kwa munthu. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa agogo amene akhala kutsogolo alibe njira yodziwira kuti vesi latembenuzidwa chadodolido.

Shakespeare naye adamugwiritsa ntchito mneniyu mwaluso. Mu sewero la Hamlet, mzukwa wa bambo ake a Hamlet ukumukodola usiku, anzake Horatio ndi Marcellus amugwira kuti asautsatire. Iye akukalipa kuti, "I'll make a ghost of him that lets me." Akuopseza kuti amene amutsekereze amusandutsa mzukwa nayenso. Mwana wasukulu akamva "lets" ngati kulola, ukali wonse wa Hamlet pamenepo umasowa mutu.

Tanthauzo lakaleli latsalirakonso m'pasipoti ya dziko la Britain, m'mawu akuti "without let or hindrance", opempha kuti mwini wake adutse popanda chomutchinga.

Sindikuti King James atayidwe, ineyo ndimakonda kukoma kwa mawu ake. Pempho langa ndi lakuti mlaliki ndi womasulira azikhala pansi limodzi mapemphero asanayambe, n'kuwerenga vesi lililonse m'Baibulo la Chichewa, pomwe Paulo akunena momveka kuti adaletsedwa. Nawo aphunzitsi a m'masukulu a ubusa apatule phunziro limodzi la aneni oterewa, kuphatikizapo "suffer" wa kulola ndi "prevent" wa kutsogola.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba