Lipoti la Msonkhano wa Aphunzitsi a Masewera Onyamula Zitsulo ndi Akatswiri a Kadyedwe

Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu,

Ndikupereka kwa inu lipoti la msonkhano umene munandituma kuti ndikakuyimireni, umene unasonkhanitsa aphunzitsi a masewera onyamula zitsulo, akatswiri a kadyedwe ndi madokotala. Munandipatsa mafunso awiri oti ndikafufuze: chifukwa chimene ena mwa ife amatsika pa sikelo koma thupi n'kumafooka ndi kulobodoka, ndiponso ngati n'zotheka kuchotsa mafuta ndi kumanga minofu pa nthawi imodzi. Mayankho a mafunso onse awiri anakumana pa mfundo imodzi, imene ikukhudza kwambiri mmene takhala tikuyendetsera zinthu m'gulu lathu. Kutsika kwa makilogalamu sikutanthauza nthawi zonse kuti mafuta achoka, chifukwa munthu wodzimana chakudya mopitirira malire amataya madzi ndi minofu pamodzi ndi mafutawo, ndipo sikelo sisiyanitsa zinthu zitatuzi.

Katswiri wa kadyedwe amene anatsegula zokambirana anayamba ndi masamu osavuta. Mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya imayesedwa m'makalori: galamu imodzi ya mapuloteni ili ndi makalori 4, ya zakudya zopatsa mphamvu monga sitachi ndi shuga ili ndi 4, ya mafuta ili ndi 9, ndipo ya mowa weniweni ili ndi 7. Mafuta a m'thupi amachepa pokhapokha munthu akamadya makalori ochepa poyerekeza ndi amene thupi lake likugwiritsa ntchito, ndipo palibe tiyi, ufa kapena lamba womanga pamimba amene angalowe m'malo mwa lamuloli. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, kotero kuti munthu wochepetsa makalori 500 pa tsiku angayembekezere kutaya pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata poyamba, ngakhale kuti liwirolo limachepa thupi likamapepuka. Anafotokozanso chimene chimasangalatsa anthu ambiri pachabe m'sabata yoyamba. Minofu ndi chiwindi zimasunga shuga wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi, motero munthu akasiya mwadzidzidzi zakudya zopatsa mphamvu amatsika msanga pa sikelo chifukwa cha madzi amene atuluka, mafuta akadali pomwepo.

Nkhani ya liwiro loyenera inatenga nthawi yaitali, ndipo ndikuona kuti ndiyo yofunika kwambiri kwa ife. Anatchula kafukufuku wa mu 2011 amene Ina Garthe ndi anzake anachita pa akatswiri a masewera ku Norway. Ochita masewerawo anawagawa m'magulu awiri, onse akupitiriza kunyamula zitsulo: gulu loyamba linakonzedwa kuti lizitaya 0.7 peresenti ya kulemera kwa thupi pa sabata, lachiwiri 1.4 peresenti. Onse anataya mafuta, koma a gulu loyenda pang'onopang'ono ndiwo anawonjezera minofu, pamene a gulu lofulumira sanawonjezere. Pa chifukwa ichi akatswiri ambiri amalangiza kuti munthu asamataye zopitirira 0.5 mpaka 1 peresenti ya kulemera kwake pa sabata, kutanthauza kuti munthu wolemera makilogalamu 80 azitsika ndi magalamu 400 mpaka 800 basi. Ndikudziwa kuti ena mwa ife aona ngati liwiro limeneli ndi lochedwa, makamaka amene akhala akutsogola pa mpikisano wathu wa mwezi ndi mwezi woona amene wataya makilogalamu ambiri, koma ndikuona kuti mpikisanowo ukupereka mphoto kwa munthu amene wawononga minofu yake kwambiri.

Pa funso lanu lachiwiri yankho ndi lakuti n'zotheka, koma si kwa aliyense mofanana. Umboni umene anaupereka ndi kafukufuku wa mu 2016 wa pa yunivesite ya McMaster ku Canada, m'gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Stuart Phillips. Amuna achinyamata 40 anadya makalori ochepa ndi 40 peresenti poyerekeza ndi amene matupi awo ankafuna kwa masabata 4, uku akuchita masewera olimba masiku 6 pa sabata. Theka la iwo linkadya magalamu 2.4 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi tsiku lililonse, theka lina magalamu 1.2. Odya mapuloteni ambiri anataya makilogalamu pafupifupi 4.8 a mafuta n'kuwonjezera pafupifupi 1.2 ya thupi losakhala mafuta (minofu, madzi ndi zina), pamene enawo anataya pafupifupi 3.5 a mafuta ndipo minofu yawo sinasinthe kwenikweni. Wokamba nkhaniyo anachenjeza kuti ndondomeko imeneyi inali yowawa, ya nthawi yochepa komanso yoyang'aniridwa ndi akatswiri, choncho si yoti munthu aitsanzire payekha; phunziro lake ndi lakuti mapuloteni okwanira ndi zitsulo ndizo zimateteza minofu pamene chakudya chachepetsedwa. Amene amapindula kwambiri ndi zonse ziwiri nthawi imodzi ndi ongoyamba kumene, amene ali ndi mafuta ambiri, ndi amene akubwerera atasiya kwa nthawi yaitali. Munthu amene wanyamula zitsulo kwa zaka zambiri ndipo ali kale ndi mafuta ochepa kawirikawiri amayenera kusankha chinthu chimodzi pa nyengo imodzi.

Kuchuluka kwa mapuloteni kunafotokozedwa momveka bwino. Muyezo wodziwika wa magalamu 0.8 pa kilogalamu ya thupi ndi woteteza munthu kuti asapereweredwe, si wa munthu womanga minofu. Kafukufuku wa mu 2018 wa Robert Morton ndi anzake, amene anaphatikiza zotsatira za mafukufuku 49, anapeza kuti phindu limapitirira kukula mpaka pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu pa tsiku, ndipo kupitirira pamenepo kuwonjezera kumathandiza pang'ono kapena osathandiza n'komwe. Munthu wa makilogalamu 70 afunika magalamu pafupifupi 112 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8, magalamu 100 a nyemba zophika pafupifupi 8 kapena 9, ndipo magalamu 100 a chidale cha nkhuku chophika ali ndi pafupifupi 30. Ziwerengerozi zikusonyeza kuti munthu wongodalira chakudya chamadzulo sangafike pa muyezowo, ndipo n'kwabwino kugawa mapuloteniwo pa chakudya chilichonse cha tsiku. Ufa wa mapuloteni wogulitsidwa m'mabotolo ndi chakudya chabe chimene chapangidwa kuti chikhale chosavuta kunyamula. Amene akupeza zokwanira m'mazira, nsomba, nyama, mkaka, soya ndi nyemba sakusowa kanthu. Dokotala anawonjezera kuti amene ali ndi matenda a impso asawonjezere mapuloteni asanaonane ndi achipatala.

Gawo la masewera enieniwo linatsogozedwa ndi mphunzitsi wa zitsulo, amene anayamba ndi mbiri ya Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America amene mu 1945 anafalitsa njira yolimbitsira minofu ya asilikali ovulala pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Njira yake inali yakuti wodwala anyamule cholemera chimene angathe kuchibwereza pafupifupi kakhumi, ndipo akayamba kuchinyamula mosavuta, kulemerako kuwonjezedwe. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a zonse mpaka lero: mnofu umakula pamene wapatsidwa ntchito yoposa imene unazolowera. Munthu amene wakhala akunyamula chitsulo chimodzimodzi, kubwereza kofanana, kwa chaka chathunthu, akungosunga zimene ali nazo kale. Ichi n'chifukwa chake mphunzitsiyo anaumirira kuti aliyense akhale ndi kabuku kolembamo kulemera kwa chitsulo, maseti (seti ndi ulendo umodzi wonyamula mobwereza osapumula) ndi kubwereza kwa tsiku lililonse, popeza kukumbukira kwa munthu kumakonda kumukometsera zinthu.

Masewera amene anawaika patsogolo ndi ogwiritsa ntchito minofu yambiri nthawi imodzi: kunjuta ndi chitsulo pamapewa, kunyamula chitsulo kuchokera pansi, kukankha chitsulo munthu atagona chagada pa benchi, kuchikankhira m'mwamba ataimirira, ndi kudzikoka pa mtanda kapena kukokera cholemera pachifuwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, likunena kuti munthu wamkulu azilimbitsa magulu onse akuluakulu a minofu masiku osachepera awiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 za masewera opumitsa mofulumirirako monga kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga. Kwa wofuna kukulitsa minofu, kafukufuku wa Brad Schoenfeld ndi anzake wa mu 2017 anasonyeza kuti maseti 10 kapena kuposerapo pa gulu lililonse la minofu pa sabata amapereka zotsatira zabwino kuposa ochepa. Chimene chingalimbikitse gulu ngati lathu, limene lilibe zitsulo zolemera kwambiri, ndi chakuti zolemera zopepukirapo zimakulitsanso minofu pafupifupi mofanana, malinga ngati munthu akubwereza mpaka kutsala pang'ono kulephera. Zitsulo zolemera zimapambana pa nkhani yowonjezera mphamvu zonyamulira katundu wolemera kwambiri kamodzi.

Zikhulupiriro zingapo zimene timazimva kawirikawiri zinayankhidwa mwachidule. Masewera a pamimba amalimbitsa minofu ya pamimba koma sasungunula mafuta a pamalo amenewo, chifukwa thupi limatenga mafuta m'zigawo zake zonse malinga ndi chibadwa cha munthu. Mnofu susanduka mafuta munthu akasiya masewera. Umangochepa, ndipo mafuta amawonjezeka ngati kadyedwe sikanasinthe. Amayi sasanduka ngati amuna chifukwa chonyamula zitsulo, popeza testosterone, homoni yachimuna imene imathandiza kukulitsa minofu, m'matupi mwawo ndi yochepa kwambiri. Ukalamba nawonso si chifukwa chosiyira: mu 1990 Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anaphunzitsa zitsulo okalamba a zaka za pafupifupi 90 kwa masabata 8, ndipo mphamvu za miyendo yawo zinawonjezeka kuposa kawiri.

Mfundo imene sindinaiyembekezere kuti ipatsidwa nthawi yotere ndi ya tulo. Pa kafukufuku wa mu 2010 wa pa yunivesite ya Chicago, anthu onenepa 10 anadya chakudya chochepetsedwa mofanana kwa masiku 14, ulendo wina atapatsidwa maola 8.5 ogona, ulendo wina maola 5.5. Pa sikelo anatsika pafupifupi mofanana maulendo onse awiri, koma pamene ankagona pang'ono mafuta amene anataya anachepa ndi 55 peresenti, ndipo kutaya kwa thupi losakhala mafuta kunawonjezeka ndi 60 peresenti. Anthu ake anali ochepa, komabe zotsatirazi ziyenera kuganiziridwa ndi mamembala athu amene amadzuka mbandakucha kubwera ku masewera atagona pakati pa usiku. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 usiku uliwonse.

Pa za mankhwala, dokotala analankhula mosapita m'mbali. Mwa zowonjezera zonse zogulitsidwa kwa onyamula zitsulo, creatine monohydrate ndiyo ili ndi umboni wochuluka, pa muyezo wa magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku, ndipo imakweza sikelo pang'ono poyamba chifukwa imakokera madzi m'minofu. Mankhwala a steroid omanga minofu ndi nkhani ina: amawononga mtima ndi chiwindi, amakweza kuthamanga kwa magazi, amachepetsa machende ndi mphamvu yobereka, ndipo ndi oletsedwa ndi WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala obera pa masewera, m'mipikisano. Anatchulanso DNP, mankhwala amene amagulitsidwa mobisa pa intaneti ngati owotcha mafuta, amene apha anthu m'mayiko angapo mwa kutenthetsa thupi mopitirira muyezo. Tili ndi achinyamata m'gulu lathu amene amaona zithunzi za matupi opangidwa ndi mankhwala otere n'kuganiza kuti akuchedwa, ndipo ndikuona kuti ndi udindo wa ife akuluakulu kuwauza poyera liwiro limene mnofu wachibadwa umakulira.

Potengera zonsezi, ndikupempha komiti kuti iganizire zothetsa mpikisano wa makilogalamu, ndipo m'malo mwake membala aliyense aziyeza kuzungulira kwa mimba yake ndi tepi kamodzi pa mwezi n'kulemba pambali pa zimene akunyamula. Muyezo wosavuta umene anatipatsa ndi wakuti kuzungulira kwa mimba kusafike theka la msinkhu wa munthu, kotero kuti wa msinkhu wa masentimita 170 akhale pansi pa masentimita 85. Amene mimba yake ikuphwa pamene zitsulo zake zikulemera ali pa njira yoyenera ngakhale sikelo itaima malo amodzi. Ndikupemphanso kuti pa masiku amene timathamanga, awiri pa sabata tiwapatule kuti akhale a zitsulo kwa aliyense, amayi ndi achikulire omwe, ndiponso kuti membala watsopano aliyense aziyamba ndi kuphunzira kanyamulidwe koyenera ndi chitsulo chopanda kanthu asanaikepo zolemera. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena othamanga magazi, komanso amayi oyembekezera, tiziwapempha kuti ayambe aonana ndi dokotala. Nkhani ya ndalama zogulira matepi oyezera ndi timabuku tolembamo ndaisiya m'manja mwa msungichuma kuti aibweretse pa msonkhano wa komiti ukubwerawu.

Ine nthumwi yanu.