Tisamangogulitsa masamba a koriyanda, msika wakunja ukufuna njere

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za koriyanda, mbewu yokometsera ndiwo imene amwenye amaitcha dhania. Ndine mlimi wa ku Bembeke, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuidzala kudimba n'kumagulitsa masamba ake m'timitolo. Vuto la masambawa ndi loti safuna kugonera: akapanda kugulidwa lero, mawa amakhala atafota, ndipo venda amene akudziwa zimenezi amatchula mtengo umene iye wafuna. Chaka chatha ndinataya madengu awiri athunthu chifukwa amene anandilonjeza kuti adzagula sanabwere.

Komatu chimene mayiko amagulitsana kwambiri ndi njere zouma, zomwe zimakhwima pakatha miyezi itatu kapena inayi ndipo zimasungika m'thumba kwa miyezi yambiri. Dziko la India ndilo limalima koriyanda wochuluka kuposa dziko lina lililonse, makamaka ku Rajasthan, Madhya Pradesh ndi Gujarat, koma wambiri amadya okha. Amadzala cha mu Okutobala ndi Novembala n'kukolola kuyambira mu Febuluwale, choncho zokolola zikachuluka pa msika waukulu wa koriyanda wa Ramganj Mandi ku Rajasthan mitengo imatsika, ndipo nyengo ikawavuta imakwera, ogula a mayiko ena n'kuyamba kuyang'ana ku Russia, Bulgaria ndi Morocco.

Ife sitiyenera kuyang'ana kutali chotero. Ku South Africa njere zimenezi zimalowa mu soseji ya boerewors ndi nyama youmitsa ya biltong, ndipo dzikolo limaitanitsa koriyanda kunja, pamene malole opita ku Johannesburg amadutsa pa chipata chathu cha Dedza. Ngakhale kuno kwathu, ufa wa curry umene amayi amagula m'magolosale uli ndi koriyanda wambiri. Zimandipweteka mtima kuona kuti kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zochokera kunja zakwera mtengo koopsa, koma tikugulabe kuchokera kunja chinthu chimene chimakonda nyengo yozizira ngati ya Dedza ndi Tsangano.

Sindikuuza alimi anzanga kuti azule mbatatesi mawa lino, ayi. Wogula wakunja amafuna njere zouma bwino, zopanda mchenga ndi nkhungu, komanso zokwana lole, osati ndowa ziwiri za munthu mmodzi, ndipo mtengo wake sitiupanga ndife. N'chifukwa chake ndikupempha akatswiri a kafukufuku wa zaulimi a ku Bvumbwe atiyesere mtundu wobereka njere zambiri m'dera lathu, chifukwa mbewu imene timagula m'timapaketi ndi ya masamba. A Malawi Bureau of Standards atifotokozere m'Chichewa muyezo umene ukufunika, ndipo a Malawi Investment and Trade Centre atipezere wogula woti asainirane mgwirizano ndi makalabu athu tisanafese. Ine ndasiya kale mabedi anayi kuti achite maluwa chaka chino, ndipo alangizi akafuna poyesera, dimba langa lilipo.

Mlimi wa kudimba,
Bembeke, Dedza