Ng'ombe yonyamula mluza si thumba, akonzi

Akonzi,

Nkhani yanu ya sabata yatha ija yoika miluza mu ng'ombe ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditavala magalasi poganiza kuti mwina maso anga ndi amene akundinamiza, koma ayi ndithu mawuwo alipo, eti ng'ombe iliyonse yaikazi ikhoza kuikidwa mluza nkubereka thole lamtundu wapamwamba. Iliyonse? Ngakhale ija nthiti zake umaziwerenga uli kunja kwa khola, nkhupakupa zili mbwee m'makutu? Mtolankhani wanuyo akuona ngati ng'ombe ndi thumba loti umangoponyamo kanthu nkumanga kukamwa, pakatha miyezi 9 nkumasula.

Kumbali ya ng'ombe mwini mazira anayesetsako, sindikana. Amaibaya jekeseni wa mahomoni a FSH m'mawa ndi madzulo kwa masiku anayi kuti itulutse mazira ambiri nthawi imodzi, nkuipatsa umuna, ndiye pakatha masiku 7 amatsuka chiberekero ndi madzi apadera nkukasankha miluza pa maikulosikopu. Chomwe sanauze anthu nchoti miluza yabwino imapezeka mwina isanu kapena isanu ndi umodzi pakutsuka kumodzi, ndipo ng'ombe zina zimangokupatsa zero ngakhale wazibaya mpaka singano kutha.

Koma yonyamulayo ndiye wangoidutsa ngati palibe, chonsecho nkhani yonse yagona pamenepo. Ng'ombe imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 aliwonse, ndipo yonyamula iyenera kukhala kuti inafuna nkhunzi nthawi yofanana ndi mwini mluza, zikasiyana kuposa tsiku limodzi mwayi umayamba kutsika. Komanso dokotala amapisa mkono kumbuyo kwa ng'ombe kufufuza mbali imene yatulutsa dzira, ngati pali kachotupa kaja amati corpus luteum, chifukwa mluza amauika mbali yomweyo ya chiberekero, ndipo kakasowa ng'ombeyo amaibweza basi. Ine ndinaima pompo ndikuona dokotala atavala pulasitiki mpaka paphewa akupukusa mutu pa ng'ombe zanga zinayi mwa khumi, kuphatikizapo ija ndinkanyadira nayo kwa alendo. Iliyonse imeneyo? Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, madokotala a ziweto amanena poyera kuti pa ng'ombe khumi zotenga bere zimakhala zisanu kapena zisanu ndi imodzi, miluza ikakhala youmitsa mu nayitrojeni mwayi umacheperako. Kafunseni dokotala aliyense amene anagwirapo ntchitoyi, musamve za ine.

China, thole limatengera makolo ake enieni, kwa yonyamula limangopezako chakudya m'mimba ndi chitetezo cha mu mkaka woyamba uja. Ndiye mukaika mluza wa mtundu waukulu ngati Holstein mu kang'ombe kachiuno chopapatiza mukuganiza kuti thole lidzatulukira pati? Ine zinandionekera, 2 koloko usiku, tochi kukamwa, chingwe m'manja, timiyendo tokha titatuluka mutu osaoneka, mayi wanga atagwira mchira akundiyang'ana ndi diso lija loti ndinakuuzani. Thole linapulumuka koma make anatha masiku awiri osadzuka. Mtolankhani wanu nthawi imeneyo ndikhulupirira anali mtulo tabwino.

Ndiyenso mwati ndi njira yatsopano. Yatsopano kwa ndani? Wasayansi Walter Heape anasamutsa miluza ya akalulu ku England mu 1890, thole loyamba la njirayi linabadwa ku Wisconsin ku America mu 1950, la mluza woumitsa ku Cambridge ku England mu 1973. Zaka zoposa 70 ng'ombe zikubadwa chonchi inu nkumati zatsopano, kapena poti ku ofesi kwanu zafika dzulo.

Vuto ndi loti nkhani za ziweto mumazitenga ngati zodzazira tsamba. Za mpira munthu akalakwitsa dzina la wogoletsa chigoli mawa lake mumapepesa, koma za ulimi mumangokopera zomwe wogulitsa wanena, osafunsako wina, mpaka chithunzi chomwe munaika pankhani ya bere chinali cha nkhunzi, abale inu, nkhunzi yeniyeni zonse zikuonekera. Ndipo amene adzalire ndi mlimi amene wawerenga nkukhulupirira, wagula miluza yodula nkukaiika mu ng'ombe zanjala, patatha milungu itatu zonse nkuyambanso kukwerana.

Konzani nkhaniyo, chotsanimo liwu loti iliyonse, ndipo mtolankhaniyo mumutumize tsiku limodzi lokha akaime kumbuyo kwa ng'ombe pamene dokotala akusankha zonyamula. Avale nsapato zoti sakuzifunanso.

Mlimi wa ng'ombe zamkaka