Nkhani ya Penn State munaisiyira panjira

Mkonzi,

Nkhani yanu yonena za timu ya mpira wa ku America ya yunivesite ya Penn State mu 1947 inasiya mfundo yaikulu. Munati sinagonjeko chaka chonse, zoona, koma simunatchule Wally Triplett ndi Dennie Hoggard, akuda oyamba kusewera mu Cotton Bowl, masewero akuluakulu apachaka a matimu a mayunivesite, ku Dallas pa 1 Januwale 1948, pomwe timuyi inalepherana ndi ya yunivesite ya Southern Methodist (SMU) 13-13. Chifukwa cha tsankho la m'mahotela, timu yonse inakagona kumalo a asilikali apamadzi. Mu 1946 anali atakana kale kukasewera ndi yunivesite ya Miami popanda anzawo akuda.

Ndimaphunzitsa masewera kusekondale, ndipo ophunzira anga amatchera khutu ndikamawafotokozera zimenezi kuposa zigoli. Chonde ilembeninso nkhaniyo, anyamata awiriwa aonekemo.

Mphunzitsi wa masewera, Zomba