Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Ndikupatsani moni, ndipo ndikhulupirira kuti mvulayi yakupezani mbewu zili kale m'nthaka. Teremu yoyamba yatha. Malipoti tawapatsa anawo m'manja. Mwana amene afike kunyumba n'kunena kuti lipoti lanyowa panjira, mubwere naye ku ofesi, buku la malikisi lilipo ndipo ilo silinanyowe.

Kalata ya ulendo uno italikirako chifukwa cha nkhani imodzi imene yandibweretsera alendo ambiri teremu ino, phunziro la zaluso monga kujambula, lotchedwa Expressive Arts, mu Sitandade 6 ndi 7. Amayi angapo anabwera ndi mayunifolomu othimbirira ndi katondo kudzandionetsa. Agogo ena anadandaula kuti adzukulu awakumbira chikasu chonse kuseri kwa nyumba. Koma mlendo amene sindidzamuiwala ndi bambo wina amene anafika m'mamawa nkhope ili gwaa. Mwana wawo anawauza kuti kusukulu aphunzira za mitundu yotentha ndi mitundu yozizira, ndiye iwo anafuna ndiwauze pamaso kuti mtundu wozizirawo ndi uti, Achewa kapena Angoni. Titamvana tinaseka mpaka misozi. Kuchokera tsiku limenelo ndinapempha aphunzitsi kuti azinena kuti makaka, mawu oti mitundu awasiye kaye.

Zimene anawo amaphunzira ndi izi. Akatswiri ojambula amagawa makaka pawiri. Kufiira, chikasu ndi kaonekedwe ka lalanje lakupsa amati ndi makaka otentha, poti amatikumbutsa moto, dzuwa ndi dothi la mu Okutobala. Buluu, kubiriwira ndi pepo amati ndi ozizira, poti amatikumbutsa madzi, mthunzi ndi dimba. Mphunzitsi amajambula bwalo n'kuyala makakawo mozungulira monga amatsatirana pa utawaleza, kenako n'kulidula pakati, otentha mbali iyi, ozizira mbali inayo. Bwalo lotere ndi lakale. Isaac Newton wa ku England anaunika kuwala kwa dzuwa kudzera m'galasi la ngodya zitatu cha m'ma 1666 n'kuona kukugawika ngati utawaleza, ndipo m'buku lake la mu 1704 anayala makaka asanu ndi awiri pa bwalo.

Zikanathera pabolodi pomwepo, ine sindikanalemba kalata. Mphunzitsi wathu wa phunziroli anatulutsa ana panja, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Mu Okutobala anawakhazika kuseri kwa buloko ya Sitandade 7, poyang'ana phiri la Dedza, n'kuwauza kuti ajambule zimene akuona. Minda inali yofiira, udzu wauma, fumbi lili koboo. Ana ambiri anapaka phirilo kubiriwira kapena kuda chifukwa mumtima amadziwa kuti kuphiri kuli mitengo ndi miyala. Mphunzitsi anangoti, "Taliyang'aneninso. Musajambule zimene mukudziwa." Panapita kanthawi ndithu, kenako mtsikana wina anafuula kuti phirilo ndi la buluu. Anabadwira pano, phirilo amaliona tsiku ndi tsiku, koma anali asanaonepo zimenezo. Chinthu chikatalika, mpweya umene uli pakati pa icho ndi maso athu umamwaza kuwala kwa buluu, ndiye chakutalicho chimaoneka chabuluu ndi chofuwirira. N'chifukwa chake wojambula akafuna kuti chinthu chioneke chili patali amachipaka makaka ozizira, chapafupi n'kuchipaka otentha. Pepala ndi lathyathyathya, koma diso limaona mtunda.

Sabata yathayi anabwereranso pamalo omwewo. Mvula itagwa, dziko lonse lavala zobiriwira. Zithunzi ziwirizo, cha Okutobala ndi cha Disembala, tazipachika moyandikana m'kalasi. Munthu ukayang'ana choyamba umamva ludzu.

Mnyamata wina wa Sitandade 7 anatsutsa, ndipo ndinakondwera naye. Anati kwawo kuli sitovu ya palafini, ndipo moto wake ukamayaka bwino umakhala wa buluu, komanso ndi umene umawiritsa madzi msanga kuposa wachikasu wofuka mwaye. Nanga buluu akuzizira bwanji? Mnyamatayo sananame. Ngakhale kumwamba, nyenyezi zooneka zabuluu ndi zotentha kwambiri kuposa zofiira. Yankho lake ndi lakuti kutentha kwa makaka sikoyeza ndi chipangizo cha kuchipatala. Ndi mmene munthu amamvera mumtima akaona kakalo. Mphunzitsi sanamukalipire, anamupatsa choko kuti afotokozere anzake. Ndikupemphani makolo, mwana akabwera ndi funso lotere kunyumba musamutseke pakamwa.

Tsono za katondo ndi chikasu. Penti wa m'sitolo ndi wodula, ndipo machekeni amene tinali nawo sakanakwanira ana onse. Choncho anawo anapanga utoto wawo. Kufiira anakupeza m'katondo wosefa, amene amafiira chifukwa muli chitsulo chochita dzimbiri. Chikasu anasinja. Kuda kunachokera ku makala ndi mwaye wa kunsi kwa mphika, kuyera ku phulusa ndi zidutswa za choko. Pomatira anasakaniza ndi kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa. Makaka otentha onse anapezeka pabwalo pomwepa osalipira kanthu. Ozizira ndi amene anavuta. Masamba osinja amabiriwira lero, pakapita masiku ochepa asanduka akhaki. Buluu ndiye anasoweratu mpaka amayi a mother group anatigulira buluu wochapira zovala, ndipo ndikuwathokoza. Anawo atasakaniza buluuyo ndi chikasu n'kuona kubiriwira kukutuluka m'chitsekerero cha botolo, phokoso lake linamveka mpaka ku ofesi.

Kusowa kwa buluu si kwa lero. Kuno kwathu ku Chongoni kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa. Anagwiritsa ntchito zimene nthaka inawapatsa, monga achitira ana anu. Alendo amakwera ndege kudzaona zojambulazo, pamene ana ambiri a pasukulu pano sanapondeko. Ndikambirana ndi komiti ya sukulu ndi PTA kuti tione ngati Sitandade 7 ingapiteko mvula ikatha.

Chichewa chathunso chinatipatsa ntchito. Kuyera, kuda ndi kufiira tili nawo mawu ake enieni. Makaka ena timabwereka ku zinthu, monga chikasu, mtambo ndi msipu, kapena ku Chingerezi, monga buluu ndi pepo. Agogo ambiri akati chobiriwira amaphatikiza tsamba ndi thambo lomwe. Ana tinawatuma kukafunsa akuluakulu kunyumba mmene amatchulira makaka a nsalu, mikanda ndi nthenga za nkhuku, ndipo anabwera ndi mawu ena amene ngakhale ine ndinali nditawaiwala. Agogo amene munayankha mafunsowo, munaphunzitsa nawo teremu ino.

Ena mwandifunsa mosabisa kuti zimenezi zithandiza chiyani pa mayeso. Funsolo ndi labwino. Pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 pali pepala la Arts and Life Skills, ndipo Expressive Arts ili momwemo. Koma ndikanama ndikati chifukwa changa chachikulu ndi chimenecho. Inu nomwe mumawerenga makaka tsiku lililonse. Mukaona chimanga chikuchita chikasu kuyambira masamba a m'munsi mumadziwa kuti chikufuna feteleza wobereketsa. Kusikelo, kalamba koyezera mkono wa mwana kakafika pofiira, mayi aliyense amadziwa kuti zinthu sizili bwino. Telala posankha ulusi, mmisiri popenta sitolo, mayi pozira khonde ndi dothi la mitundu iwiri, onsewa amadya ndi maso awo. Mtsikana uja anaona kuti phiri ndi la buluu ndi yemweyo amene adzaone tsamba la mbatata likuyamba kudwala mnzake asanaone.

Pa za mayunifolomu ndikuvomera kuti tinalakwa ife. Tinayenera kukudziwitsani kale, ndipo ndikupepesa, poti sopo sakutoledwa. Teremu ikubwerayi mwana azibwera ndi malaya akale m'chikwama pa tsiku la phunziroli. Chinanso, mwana wina anabweretsa botolo la jivi wa pabala kuti apeze pepo. Nzeru zinalipo, koma mankhwala si utoto. Chonde sungani mankhwala patali, ndipo mwana aliyense akauzidwe kuti chikasu cha agogo amayamba wapempha.

Patchuthichi ndawapatsa ntchito yochepa. Aliyense ajambule khomo la kwawo kawiri, mbandakucha ndi dzuwa likamalowa, pa katoni kapena pepala lililonse limene lingapezeke. Mukamuona atakhala pakhonde akuyang'ana kumadzulo, musafulumire kunena kuti ndi ulesi, bola akhale atabwerako kumunda. Musatayenso makatoni, zitsekerero za mabotolo ndi tizidutswa ta zitenje, tidzazifuna.

Zithunzi zikhala pakhoma mpaka sabata yoyamba ya teremu yachiwiri. Sukulu idzatsegulidwa pa tsiku limene Unduna wa Maphunziro unaika pa kalendala, ndipo talilemba pansi pa lipoti la mwana aliyense. Tsiku limenelo mukaperekeza ana, lowani mu Sitandade 6 ndi 7 mudzaone nokha. Bambo a funso la Achewa ndi Angoni aja alonjeza kuti adzakhala oyamba kufika.

Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano cha zokolola zambiri.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu