Kalata kwa Chimwemwe pa za galimoto

Mwana wanga Chimwemwe,

Kuno ku Salima tili bwino. Amayi ako andiuza kuti ndalama ya galimoto yakwana, koma kunyumba kwanuko simukumvana: apongozi anga akufuna yamagetsi, iwe mtima uli pa ya petulo. Pa foni timangodulana mawu, ndiye ndati ndilembe.

Apongoziwo ndikuwamvetsa. Amene anagonapo pa mzere wa mafuta mu 2022 kapena kumapeto kwa 2024 safunanso kuona chigubu. Mafuta timagula kunja ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lita ya petulo inalumpha kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Magetsi ndi athu, ochokera mu Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo a sola a ku Nanjoka kuno, a mamegawati 60, amene anayamba mu 2021. Koma ukumbukirenso kuti namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linakhala nthawi yoposa chaka magetsi akungothimathima.

Ndi ndalama yanuyo, yamagetsi imene mungapeze ndi Nissan Leaf yoyendapo kale ku Japan. Zoyamba zija zili ndi batire la 24 kWh, kutanthauza losunga mayunitsi 24 a magetsi, ndipo batirelo silizizira ndi madzi ayi. Kutentha kumalifoola msanga, ndipo kutentha kwa kuno mu October ukukudziwa. Kuchoka ku Lilongwe kubwera kuno ndi makilomita pafupifupi 100, ambiri otsetsereka, mukhoza kufika. Nkhani ili pobwerera, pokwera zitunda za ku Mvera, ana ali kumbuyo, matumba a mpunga ali m'buti. Nanga maliro akagwa kwa apongozi ako ku Nkhotakota usiku? Pa soketi ya m'nyumba galimotoyo imadzaza usiku wonse. Ndiponso inu mumakhala nyumba ya lendi, mita ndi imodzi ndi anzanu. Mayunitsi akatha pakati pa mwezi, mlandu udzakhala wa galimoto yanu, ngakhale wina ataphikira nyemba pa mbaula ya magetsi. Pakhomo pokhala galimoto ziwiri ndikanavomera. Ikakhala imodzi yokha, ayi.

Ya petulo ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: makanika aliyense pa Kamuzu Road amaidziwa, ndipo zitsulo zake sizisowa. Ukanakhala woyenda kumudzi sabata iliyonse ndikanati tenga imeneyo, yokwera bwino pansi.

Koma maulendo anu ambiri ndi a m'tauni: ana kusukulu, ntchito, msika, kuima ndi kunyamuka pa mdipiti wa galimoto pa mlatho wa Lilongwe. Apa mpamene hybrid, monga Toyota Aqua, Prius kapena Honda Fit, imaonetsa mphamvu zake. Siilowetsedwa pa soketi. Ili ndi injini ya petulo ndi mota ya magetsi. Ukaponda mabuleki, mphamvu imene ikanangotayika imabwerera m'batire, ndipo ukaima injini imazima yokha. Pa msewu wautali, pamene injini imalira ulendo wonse, kusiyana kwake ndi ya petulo yaing'ono kumachepa, choncho usakhulupirire zonse zimene wogulitsa angakuuze.

Ine ndikuti mugule hybrid, koma mvetsera. Usapereke ndalama batire lalikulu lisanayezedwe ndi kompyuta, iwe uli pomwepo. Mu Aqua batirelo lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo lili ndi kafani kolizizira. Fumbi la kwathu kuno, nyenyeswa za chimanga chokazinga za adzukulu anga, ulusi wa zitenje, zonse zimakatseka pamenepo, batire n'kumatentha mwakachetechete mpaka nyali zitayaka pa dashibodi. Kafaniko kazitsukidwa, ndipo pa kabowo kolowera mpweya pasamatsamire chikwama. Mawaya a mtundu wa lalanje ali ndi magetsi oti n'kupha munthu. Makanika wapansi pa mtengo wa mango, ngakhale akhale mnzanga, asawakhudze. Palinso kabatire kakang'ono konga ka galimoto zonse. Kakafa, galimoto siidzuka, ndipo hybrid sailiza pokankha.

Galimoto zimenezi n'zogwada. Pa M5 popita ku Nkhotakota, maka mvula ikagwa, maenje aja uziwalowa pang'onopang'ono, ndipo njira yakumudzi ikakhala matope, isiye pa tala mukwere kabaza.

Ngati ukuitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe, yamba wafunsa msonkho wa MRA usanasankhe, chifukwa mtengo wa pa intaneti suli wonse. Ndipo usathere ndalama yonse pa kugula. Ina uisunge padera ya batire, poti galimoto ya zaka khumi siichedwa kulifuna. Kalatayi muwerengere limodzi ndi apongozi anga, kenako mundiimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Upereke moni kwa adzukulu.

Ndine bambo ako.