Kalata kwa Esinati: za khutu la Yamikani

Mchinji, Lamulungu madzulo

Esinati mnzanga,

Kalata yako a Gama abwera nayo Lachiwiri, pamodzi ndi mafuta odzola aja. Zikomo kwambiri. Koma nsapato zimene walemba kuti watumiza sindinazione, ndipo a Gama akulumbira kuti m'chikwamamo munalibe nsapato. Mmodzi wa inu awiri akudziwa kumene zili. Komanso iwe, ku Joni mapepala anatha? Kalata theka la tsamba, moni wa amayi ako mzere umodzi, kwinako kudandaula kuzizira basi. Unachoka kuno uli wolongolola, usatinamize kuti ku Johannesburg anakusoka pakamwa.

M'theka la tsambalo muli funso limene landisowetsa tulo. Wati, "Nanga Yamikaniyo amalimbana nawo chifukwa chiyani apolisi?" Ndadziwa kuti amene anakuimbira foni anakupatsa mutu wokha wa nkhani. Ndikuuze ine, chifukwa zinachitika ndikuona, ndili pa benchi yanga ya tomato.

Linali tsiku la msika. Apolisi anabwera kudzalanda njinga zamoto za akabaza opanda mapepala ndi opanda zisoti. Yamikani laisensi alibe, sindikubisira. Njingayo si yakenso, ndi ya aphunzitsi aja a kuseri kwa tchalitchi, iye amangopereka ya tsiku madzulo alionse. Wapolisi atazula kiyi, mwanayo anakakamira chiwongolero, akukuwa kuti njinga ndi ya eni, akawauza chiyani eni ake. Anamuuza kuti asiye, osasiya. Atamukoka mkono, anamukankha wapolisiyo pachifuwa mpaka chipewa chinagwa. Anakankhadi, ndinaona, ndipo ndamukalipira kale mokwanira. Anamugwetsa pansi, wina bondo pamsana, manja kumbuyo, n'kumumanga unyolo. Kufikira pamenepo ine ndilibe mawu. Munthu akakana kumangidwa amagwiridwa ndi mphamvu, palibe amene angamangidwe pomunyengerera.

Chimene chikundiwawa ndi chimene chinatsatira. Mwana ali khale pansi, manja ali kumbuyo m'unyolo, wasiya kuphiriphitha, akungolira. Uja wa chipewa anachitola, n'kuchikuntha fumbi, n'kuchivala bwinobwino, kenako n'kubwera. Khofi la kukhutu lamanja, phaa! Lina pomwepo. Lachitatu linamugwetsera chammbali. Esinati, pamenepo ankakana chiyani? Ankathawira kuti ali womangidwa? Makofi amenewo sanali omugwira, anali atagwidwa kale. Anali obwezera chipewa chija.

Anyamata anzake ataona zimenezo anayamba kugenda, apolisi n'kuponya utsi wokhetsa misozi m'kati mwenimweni mwa msika. Anthu balala! A Nabanda anathawa ndi khanda la mwana wawo kumsana likubanika, mpaka pano likutsokomola usiku. Agogo a Chisomo, amene sathamanga n'komwe, anangogwada pa thumba lawo la mtedza akupukuta maso ndi chitenje. Ogenda aja anali atafika kale kutsidya kwa dambo. Nkhuyu zodya ana zinapota akulu. Tomato wanga yense anapondedwa, mabeseni awiri a ngongole, koma zimenezo ndisayambe.

Anagona m'chitokosi. M'mawa mwake tinapita ndi amalume ake kukapempha belo. Kunja kuno wina anali atatinong'oneza kale kuti tikonzeko kangachepe, koma a Phiri aja anapuma ntchito ya ukalaliki kukhoti anatiletsa, amvekere belo ya kupolisi ndi yaulere, musapereke ngakhale tambala. Anatulukadi osalipira. Ndiye tamva ichi: kuti akamuone bwino kuchipatala pa nkhani yomenyedwa, anatiuza kuti tibwere ndi kalata ya kupolisi. Kalatayo ukaitenge pa tebulo lomwelo pamene anzake a womenyayo akhala. Yamikani anakana kulowanso, anangoima panja akunjenjemera. Analowa ndi amalume ake.

Adokotala anati kachikopa ka m'kati mwa khutu kang'ambika. Akuti nthawi zambiri kamapola kokha pakapita masabata angapo, bola musalowe madzi ndipo asatokosemo kanthu. Masabatawo akupita, iye akuti m'khutumo mukungolira mluzu usana ndi usiku. Ine zandilowa m'mutu, Esinati. Ndikamuona wakhala pakhonde ndimazemba kumbuyo kwake chakumanja n'kumuitana motsitsa, Yami, Yami. Satembenuka. Ndikapita kumanzere amatembenuka. Dzulo anandigwira ndikuchita zimenezi, anakwiya, akuti ndikumusandutsa choseweretsa. Amayi ake akufuna kumuthira madzi a masamba ena amene anapatsidwa ndi a Nasimango, ndawaletsa mpaka takangana, pano sitikulankhulana bwino. Posamba ndimamuikira ndekha thonje lopaka Vaseline. Mnyamata wa ndevu zake!

Ndiye taganiza. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, galimoto ikamakupitirira imadutsa kudzanja lamanja. Khutu lomwelo. Mathiraki ochokera ku Mwami ukuwadziwa mmene amathamangira pa msewu wa ku Lilongwe uwu, hutala amaimba kamodzi kokha. Wakabaza wosamva kumanja adzatha bwanji pamsewu umenewu? Usiku ndikagona ndimangoona thiraki ikubwera kumbuyo kwake iye osaimva, atanyamula mayi ndi mwana. Ndimadzuka n'kukhala tsonga. Ndayamba kuganiza kuti aiwale za njinga, apite kwa a Mbewe akaphunzire ukalipentala, koma kumenekonso makina opala matabwa ndi phokoso lokhalokha, khutu lotsalalo lingathere komweko. Kumunda ndiye sakufunako, soya wa chaka chino mavenda anatigula motibera. Nanga mtsikana uja wa ku Kapiri adzamudikira munthu woti uzimulankhula mbali imodzi? Mwina ukuseka, koma ine zonsezi ndaziyala m'mutu mpaka ku ukalamba wake.

A Phiri anabwera kudzamuona, anakhala nthawi yaitali. Anatifotokozera kuti lamulo limalola wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu munthu akamakana kumangidwa, koma mphamvu yongokwanira kuti amugwire, osapitirira. Ngakhale mfuti, akuti lamulo la apolisi la 2010 limati ayambe wachenjeza, ndipo cholinga chikhale kumufooketsa munthuyo, osati kumupha. M'malamulo aakulu a dziko, gawo 19 limaletsa kuzunza munthu aliyense, ndipo gawo 42 limati womangidwa auzidwe chimene wamangidwira ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Chilango amapereka ndi khoti. Ngati Yamikani analakwa pokankha wapolisi, mlandu ulipo, akayankhe pamaso pa majisitireti, alipire chindapusa kapena chilichonse chimene angagamule. Ine sindidzamuikira kumbuyo. Koma womenya uja anadzisandutsa wodandaula, woweruza ndi wopereka chilango, zonse pa mphindi imodzi, pa fumbi la pamsika.

Anatiuzanso za bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, lija amati Independent Complaints Commission. Lamulo lolikhazikitsa ndi la 2010 lomwelo, koma mkulu wake woyamba, a Christopher Tukula, anasankhidwa mu 2020. Zaka khumi lili papepala pokha. Ine ndikufuna tikadandaule. Amalume ake akukana, akuti njinga ikadali m'manja mwawo, mlandu wokankha ukadali m'manja mwawo, ndipo mwanayu azidutsa pa rodibuloko yawo tsiku ndi tsiku. Akuti tingoti zachitika zachitika. Sindikuwanyoza, mantha awo ndi oona. Koma tikangokhala chete, dzanja lija lidzatera pa khutu la mwana wa wina sabata yamawa.

Ndikudziwa chifukwa chake unafunsa motero. Achimwene ako ndi apolisi, ndipo ukamva nkhani ngati izi mtima umathamangira kwa iwo. Inenso ndimawaganizira. Sindinaiwale mmene anatithandizira mbava zitathyola kwa amayi, anayenda wapansi usiku mvula ikugwa. Ndikudziwanso kanyumba kamene ankakhala kulaini, kodontha, ana asanu chipinda chimodzi. Ntchito yawo ndi yoopsa. Ukukumbukira Okutobala wa 2019, iwe usananyamuke, tsiku lija anthu anatseka msewu pa Msundwe, maminibasi a ku Lilongwe n'kubwerera panjira? Tsiku limenelo wapolisi, a Usumani Imedi, anaphedwa ndi miyala. Anali mwana wa munthu, anali ndi kwawo. Amayi ako anagona osadya mpaka achimwene ako ataimba foni kuti ali bwino. Amene anagenda munthu mpaka kufa ndi zigawenga, ndilibe dzina lina lowapatsa.

Koma taona chimene chinatsatira. Apolisi anakalowa m'midzi ya ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amuna atathawa, n'kugwiririra amayi ndi atsikana. Mu 2020 khoti lalikulu linagamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso, bungwe la maloya aakazi litawaimira. Amayi amenewo anakana kumangidwa? Anagenda ndani? Mkwiyo wa imfa ya mnzawo anakautula pa matupi a anthu amene anawapeza pakhomo. Ndikadutsa pa Msundwe popita kukapikula katundu ndimayang'ana amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, mtima umandiwawa. N'chimodzimodzi a Buleya Lule, amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe chaka chomwecho cha 2019, akuwaganizira pa nkhani yosowetsa mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Mlanduwo unali woopsa, inde, koma munthuyo anali kale m'chitokosi, ndipo a bungwe la ufulu wa anthu anapeza kuti anazunzidwa. Anafa asanaweruzidwe, ndipo zimene ankadziwa zinapita naye kumanda. Za pa 20 Julaye 2011 sindikuuza, tinali limodzi pa wailesi ya bambo ako tikumva za anthu 20 ophedwa pa zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu.

Khofi la Yamikani ndi laling'ono poyerekeza ndi zimenezo, ndikudziwa. Koma muzu wake ndi umodzi: munthu ali kale m'manja mwako, sangathawe, sangabwezere, iwe n'kupitiriza. Ukawaimbira achimwene ako uwafunse, osati mowazenga mlandu, ungowafunsa kuti kusukulu ya apolisi ku Kanjedza anawaphunzitsa kuti unyolo ukatsekedwa dzanja lizitani. Ndikufunadi kumva yankho lawo, chifukwa iwo ndimawakhulupirira.

Makhoti akuyesetsa, ndisaname. Vakabu ija inkatithamangitsa tili atsikana tikachedwa ku kanema, khoti linaithetsa mbali ina mu 2017, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, venda wa ku Blantyre amene anagwidwa m'bandakucha akupita ku geni yake. Ndipo anansi athu a ku Kasungu amene anasesedwa usiku pamalo omwera mowa mu 2018, osauzidwa chimene alakwa, anapita kukhoti, mu 2022 n'kupambana, khoti linati kugwira anthu mwachisawawa choncho n'kosemphana ndi malamulo. A Phiri nkhani zimenezi amazikamba maso akuwala. Ine ndinawafunsa kuti nanga chigamulo chimachoka bwanji mu ofesi ya jaji kudzafika pa msika wathu? Anangopukusa mutu.

Zina za kuno. A mfumu anatisiya mwezi watha, tinaika Loweruka, za wolowa m'malo mbumba ikadakokanakokana. Chikondi wabereka mapasa. Shuga akusowanso, ukamupeza mtengo wake ungolira, ndipo mbuzi za a Zulu zandidyera chinangwa chonse cha kuseri, ndawauza kawirikawiri kuti azimange, amangoti mawa. Mabeseni a tomato aja mwini ngongole akubwera m'mawa uliwonse, amakhala pakhonde osalankhula mpaka ndimupatse tiyi, tiyi wake wopanda shugayo. Aphunzitsi eni njinga nawo akufuna ya tsiku ya masiku onse amene njinga yakhala kupolisi, ngati kuti Yamikani akuikwera kumalotoko. Denga la kukhitchini likufunika udzu mvula isanayambe. Nsapato zija ngati unatumizadi, zinali za saizi yanji? Chifukwa mkazi wa a Gama ndamuona kutchalitchi lero atavala zofiira zatsopano, ndipo amandizemba.

Kumeneko usamale, Esinati. Mapepala ako akadali bwino? Akakuimitsa apolisi a kumeneko usatsutsane nawo, ngakhale ukudziwa kuti ukulondola, pakamwa pakopo ndikupadziwa. Taona, ndakulembera masamba onsewa kuti munthu ali ndi ufulu, pomaliza ndikukuuza kuti uzingokhala chete. Ndi mmene mantha atipangira, ndipo zimandipweteka kuti Yamikani ndamulangizanso chimodzimodzi.

Ngati kumafamase a kumeneko kuli mankhwala a khutu long'ambika m'kati, usagule kaye, adokotala anati tisathiremo kanthu iwo asanaonenso. Tikubwerera Lachinayi. Akati silinapole akuti mwina atitumiza ku Kamuzu Central, ndiye za thiransipoti ya anthu awiri sindikudziwa kuti ndiyambira pati, mwina ndigulitse nkhumba ija ndimasungira fetereza, koma ndikatero chimanga cha chaka chamawa ndiye

Magetsi azima, ndipo tsamba ili ndi lomaliza m'kope la Chisomo. A Gama akunyamuka mawa m'mamawa. Undiyankhe za achimwene ako.

Ine mnzako,
Nachisale